Tsiku Limene Nyumba ya a Petring Inawoloka Mlatho

"Milomo psuu ngati mukupita ku ukwati! Ndinakuuzani ine, Nanay. Ndinakuuzani kapena sindinakuuzeni?"

Jovelyn anali ataima pakati pa nyumba, akugwedeza kalata ya boma pamaso pa mayi ake. A Petring sanatekeseke. Anakhala pamkeka atawongola miyendo, akusankha timiyala mumpunga.

"Ndiye umafuna ndipite ku ofesi ya boma mutu uli mbee, nditavala diresi lophikira? Ine Perpetua Lagdamen? Anthu a mumsika akanati chiyani?"

"Anthu a mumsika salemba makalata, Nanay. Alemba ndi madamu a ku ofesi aja. Tamvani." Jovelyn anatambasula pepalalo n'kuyamba kuwerenga mokweza, mawu amodziamodzi. "'Wopemphayo anafika akuyenda yekha, akuoneka wathanzi ndi wansangala. Palibe chosonyeza kuti akulephera kugwira ntchito. Pempho lakanidwa.' Wansangala, Nanay! Boma lalemba kuti ndinu wansangala!"

"Pamenepo pokha sananame," anatero a Teryo, bambo ake a Jovelyn, omwe anakhala pamakwerero a pakhomo akunola chikwanje.

"Inu Tatay khalani chete. Si inu munawanyamulira dengu la zitumbuwa mpaka mu ofesi?"

"Amayi ako anati tisapite chimanjamanja. Ine ndikanatani? Zaka makumi atatu sindinapambanepo mlandu m'nyumba muno."

A Petring anaseka, koma mumtima nkhaniyo inawapweteka. Miyezi inayi yapitayo madokotala a ku Iloilo anawachotsa bere la kumanja chifukwa cha khansa, ndipo kuyambira pamenepo ankapita kumzindako masabata atatu alionse kukalandira mankhwala a pa diripi. Mankhwala amenewo ndi amwano. Sabata yoyamba ankawagwetsa pamkeka ngati thumba, sabata yachiwiri ankadzuka modzikoka, sabata yachitatu n'kukhalanso a Petring omwe aja a pakamwa posatopa, ophika zitumbuwa za mpunga zomwe anthu a pachilumba cha Panay ankachita kutsika m'basi kuti agule. Njati yolimira inali itagulitsidwa kale. Maulendo anali atatsala anayi, ndipo m'nyumbamo aliyense ankadziwa kuti popanda khadi la boma lothandizira odwala amene alephera ntchito, ulendo wotsatirawo udzakhala womaliza.

"Anakufunsani kuti mumatha kusamba nokha," Jovelyn anapitiriza. "Munayankha chiyani?"

"Ndinati inde."

"Nanga amene ndimakusambitsani sabata ya mankhwala ndine ndani? Mzukwa?"

"Iwo anafunsa za tsiku limenelo. Tsiku limenelo ndinasamba ndekha, ndinadzola ndi mafuta omwe."

"Nanga za kuphika?"

"Inday mwanangu, taganiza. Munthu akutafuna chitumbuwa changa, tsaya lili tuu, ine ndimuuze kuti sinditha kuphika?"

"Zitumbuwazo ndinapera mpunga wake ndine! Mkono wanu sungathe ngakhale kukweza chivundikiro cha mphika!"

"Koma shuga ndinayeza ndine," anatero a Petring. "Ndipo anadya ziwiri."

A Teryo anaseka mpaka kutsokomola. Jovelyn anaponya kalatayo pamkeka, misozi ikulengeza m'maso, n'kunena kuti onse awiri ndi ana, ana enieni, ndipo iye ndiye anakalamba m'nyumbamo. A Petring anatola pepalalo, analiwongola bwinobwino pabondo, n'kuona mizere iwiri ing'onoing'ono kumunsi. Inkanena kuti wosakhutira ali ndi masiku makumi atatu opempha kuti amuonenso.

"Ndiye ukulira chiyani?" anatero. "Lolemba upite ukawauze kuti andionenso. Ulendo uno ndidzangodzola pang'ono."

Lolemba masana Jovelyn anabwerera kuchokera ku tawuni nkhope ili ndwii. Anapeza mchimwene wawo wa a Petring, Manong Berting, kalipentala wa m'mudzi wa Dapdapan, atabwera kudzazonda mlongo wawo, akumwa khofi pakhonde.

"Akuti kuona kwachiwiri sikuchitikira mu ofesi," Jovelyn anafotokoza asanavule ndi nsapato. "Amabwera okha kunyumba kumene wodwala amagona, kuti aone mmene amakhalira."

"Zabwino zimenezo," anatero a Teryo. "Abwere sabata yoipa adzadzionere."

"Dikirani, Tatay, sindinathe. Akuti nyumba zimene amayendera ndi za tsidya ilo la mlatho basi, kumene angafike wapansi. Ife a tsidya lino tidikire galimoto ya ofesi."

"Galimotoyo ibwera liti?" anafunsa Manong Berting.

"Ndaiona, Tiyo," Jovelyn anayankha malume akewo. "Ili kuseri kwa ofesi, yakhala pa njerwa, matayala mulibe. Nkhuku ikuikira mazira pampando wa dalaivala."

"Nanga masiku makumi atatu aja akatha galimoto isanadzuke?"

"Akuti pempho limatsekedwa. Timayambiranso chaka chamawa."

Chaka chamawa ndi kutali kwa munthu amene ali pakati pa mankhwala. A Petring anaona nkhope za anthu atatuwo zikugwa, ndipo chinthu chimene sankachifuna m'nyumba mwawo chinali nkhope za pamaliro iwo akadali moyo. Choncho anayankhula zoti anthu aseke.

"Ngati madamuwo miyendo yawo imathera pa mlatho, tiwapititsire nyumbayi konko. Adzaone, atibwezere."

A Teryo anaseka. Jovelyn naye anamwetulira monyinyirika. Koma Manong Berting sanaseke. Anaika kapu pansi, anatsika makwerero, n'kuyamba kuzungulira nyumbayo akugogoda nsanamira imodziimodzi ndi chala.

"Manong, mukutani?" anafunsa a Petring.

"Nsanamira zisanu ndi imodzi, zonse zamoyo. Khoma la nsungwi, denga la masamba. Tinainyamula chaka cha chigumula chija kuichotsa kudambo, amuna makumi atatu. Kuchoka pano kukafika ku ofesi ndi makilomita awiri, msewu wosakwera." Anayang'ana Jovelyn. "Masiku aja akutha liti?"

"Lachisanu la sabata yachinayi."

"Mankhwala ndi liti?"

"Lachiwiri la sabata yomweyo."

"Ndiye Lachisanulo adzakhala ali zii pamkeka. Zatheka. Tiitana dagyaw."

Dagyaw kwathu si nkhani yachilendo. Munthu akafuna kusamuka, amuna a m'mudzi amabwera ndi nsungwi, n'kusenza nyumba yonse pamapewa, mwini wake n'kungowaphikira. Koma chiyambire sitinamvepo kuti nyumba yasenzedwa kupita kukaonekera ku boma.

"Ndimacheza ine!" a Petring anakuwa. "Manong, ndimacheza! Mwapenga kodi?"

"Iwe umacheza, ine ndamva," anatero mkuluyo, n'kunyamula chipewa chawo.

Masabata awiri otsatira nkhaniyo inawanda m'mudzi monse. Anyamata anakadula nsungwi zazitali kumtsinje, amayi anagawana zophika, wina analonjeza gitala. Munthu mmodzi yekha ndiye anakana kwamtuwagalu, ndipo anali mwini nyumbayo.

Tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, a Teryo anawapeza kuseri kwa nyumba atakhala pachitsa cha kokonati, akuyang'ana nkhuku.

"Sindipita," anatero a Petring amuna awo asanatsegule pakamwa. "Kauzeni Manong aleke. Msewu umenewo umadutsa pamsika, Teryo. Zaka makumi awiri ndakhala pamsika pamene paja nditavala bwino, tsitsi nditapesa. Lero andione ndikudutsa ndi ndowa yosanzira pambali, mutu wopanda kanthu, ngati nkhumba yopita kokagulitsidwa?"

"Mudzakhala m'nyumba. Adzaona nyumba."

"Madamu aja adzalowa."

"Adzalowa, inde. Ndi cholinga chake."

"Ine munthu wachilendo sanandionepo choncho. Inu ndi Jovelyn basi." Kunena zoona, a Petring ankaopa manyazi kuposa matendawo. Matenda anali atawazolowera, koma kugona chigonere pamaso pa mlendo, osamudzukira, osamupatsa ngakhale madzi, ankaona ngati ndi kufa kumene.

A Teryo anakhala pansi pafupi ndi chitsacho. Iwo si munthu wa mawu ambiri, ndipo akafuna kunena zolemera amayamba ndi zopusa.

"Mukudziwa kuti ine sindidziwa kumene kumakhala malaya anga a kutchalitchi?"

"Ali m'bokosi la pansi pa chifanizo chopatulika cha Santo Niño, kumene akhala zaka zonsezi."

"Mwaona? Ndiye mukandisiya ndidzapita kutchalitchi chibadwire." Anatola kamtengo n'kuyamba kukanda pansi. "Petring, ine manyazi anu ndikuwamva. Koma ndi a tsiku limodzi. Ine ndikufuna mudzanditukwanebe zaka zina makumi awiri. Ndapempha zambiri kodi?"

A Petring anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo.

"Makatani achapidwe," anatero. "Pansi pakwechedwe ndi chikhokho cha kokonati mpaka pawale. Sindilandira mlendo wa boma m'nyumba yauve, kaya ikhale pamapewa pa anthu."

Lachiwiri anapita ku Iloilo. Lachitatu anayamba kumva nseru. Pofika Lachisanu m'mawa a Petring anali atatheratu: m'kamwa zilonda zokhazokha, mapazi ali dzanzi, mkono wakumanja utatupa ngati mtsamiro. Fungo la phala la mpunga limene amayi ankaphikira onyamula panja linkawatembenuza m'mimba. Anamva amuna akufika, nsungwi zikugwa pansi, makasu akukumba m'mbali mwa nsanamira.

"Wigi yanga," ananong'ona.

"Sindikudziwa kumene ili," anatero Jovelyn, akumangirira kabati kukhoma ndi chingwe.

"Wabodza iwe. Unatengera bambo ako."

"Mudzaipeza mawa, Nanay."

Pansi pa nyumbayo amuna anapingasa nsungwi zazitali, kuzimanga ndi zingwe, n'kuima m'mizere, aliyense kansalu paphewa. Kudzera m'mipata ya nsungwi zoyala pansi, a Petring ankaona mitu yawo, ina ya dazi, ina ya imvi, ina ya zipewa zong'ambika. Anali anthu omwe anadya zitumbuwa zawo zaka zambiri.

"Mverani kuno!" anafuula Manong Berting. "Muli wodwala m'katimu. Wopunthwa ndimudula khutu. Modzi, wiri, tatu, nyamu!"

Nyumba inalira, inapendekeka pang'ono, kenako inakwera m'mwamba. A Petring anagwira dzanja la Jovelyn. Anayembekeza kuti asanza nthawi yomweyo, koma amunawo anayenda mwa phazi limodzi, mofewa, ndipo nyumbayo inkangoyendayenda ngati bwato pamadzi odekha.

"Manang Petring!" wina anakuwa pansipo. "Akuti mukudwala, nanga kulemera konseku?"

"Ndi machimo a Teryo amenewo, ali m'bokosi!" anayankha wina, gulu lonse n'kuphulika kuseka.

"Taonani Paeng! Paeng, phewa lako lafika pa nsungwi koma?"

Paeng ndi munthu wamfupi kwambiri m'Dapdapan, ndipo pakati pa phewa lake ndi nsungwi pakanatha kudutsa mphaka. Koma ankayenda atakwinya nkhope, akubuula kuposa onse.

"Ine ndikunyamula ndi mtima!" anayankha Paeng.

A Petring anaseka ngakhale m'kamwa munkawawa. Kumbuyo gitala inayamba, amayi anayambitsa nyimbo, ana ndi agalu akuthamanga m'mbali. A Teryo ankayenda patsogolo ndi nsungwi ya mphanda, akukweza mawaya a magetsi kuti denga lidutse. Anapumula kawiri, nyumba itakhazikidwa pamiyala, amayi akugawa madzi ndi nthochi zophika. Pa kupuma kwachiwiri a Petring anasanza, ndipo oimba aja, atamva, anangokweza nyimbo kuti wina asamve. A Petring anazindikira, ndipo misozi inatsika yokha.

Pa mlatho panali povuta. Denga linali lalikulu kuposa mpata wa pakati pa zitsulo, moti masamba a m'mbali anakhula uku ndi uku, ena n'kugwera mumtsinje. Manong Berting ankayenda chafutambuyo, akukuwa mpaka mawu kusasa.

"Kumanzere pang'ono! Kumanzere, anthu inu, dzanja losadyera! Paeng, choka pamenepo usapondedwe!"

Atawoloka, anthu a tsidya ilo anatuluka m'masitolo. Njinga zamoto zonyamula anthu zinaima, madalaivala ena anatsika n'kulowa pansi pa nsungwi kulandira otopa, asanafunse n'komwe kuti nyumbayo ikupita kuti. Pamphambano ya pamsika wapolisi anakweza dzanja.

"Imani! Chilolezo chili kuti?"

"Chilolezo cha chiyani, bwana?" anafunsa Manong Berting, akupukuta thukuta. "Mlongo wanga ali m'nyumba mwake, wagona. Kugona m'nyumba mwako kwayamba kufuna chilolezo?"

Wapolisiyo anayang'ana nyumba, anayang'ana khamulo, anakanda m'mutu.

"Ndi nyumba ya Manang Petring wa zitumbuwa?"

"Yomweyo."

Anaimba wezulo n'kuimitsa magalimoto onse.

Nthawi ya m'ma leveni nyumba inakhazikidwa pabwalo la kutsogolo kwa ofesi, pafupi ndi mtengo wa mbendera. A Teryo anaimika makwerero pakhomo, n'kuyalapo kachiguduli kopukutira mapazi monga analamulidwira. Jovelyn anatsika, analowa mu ofesi, ndipo patapita kanthawi anatuluka ndi Madamu Gellada, amene ankaona mapempho a odwala. Anali mayi wowonda wa magalasi, wa nkhope yotopa, cholembera chili kukhutu. Ataona nyumbayo anaima chilili pamasitepe.

"Ichi n'chiyani?"

"Nyumba ya Perpetua Lagdamen, madamu," anatero Jovelyn. "Lero ndi tsiku lomaliza."

"Koma izi sizololedwa."

"Pepala lanu likuti chiyani, madamu?"

"Likuti kunyumba kumene wodwala amagona, tsidya lino la mlatho."

"Agona m'menemo. Ndipo ili tsidya lino."

Amuna makumi atatu ndi mphambu, malaya ali chonyowa, mapewa atafiira, anangoti maso pa mayiyo. Madamu Gellada anabwerera mkati, anatuluka ndi fomu, anavula nsapato zawo zazitali pansi pa makwerero, n'kukwera.

A Petring anamva mapazi achilendo pansungwi. Thupi lawo linayamba lokha kufuna kudzuka, monga linachitira moyo wawo wonse mlendo akalowa. Anatsamira pa chigongono, dziko linazungulira, anagweranso pamtsamiro.

"Lowani, madamu. Pepani, mwatipeza opanda kanthu. Jovelyn, madzi a alendo."

"Musavutike, Nanay," anatero Madamu Gellada. Anali ataima pakhomo, akuyang'ana mutu wopanda tsitsiwo, milomo yong'ambika, mkono wotupa, ndowa pambali pa mkeka. Anayang'ananso chithunzi chimene chinali pa fomu, cha mayi wa tsitsi lopotana ndi milomo yofiira. Pang'onopang'ono anakhala pansi, n'kupinda miyendo.

"Ndinu amene munandibweretsera zitumbuwa?"

"Ndine ndemwe."

"Ndikufunsaninso mafunso omwe aja. Mumatha kuyenda nokha?"

A Petring anamva yankho lozolowereka likufika pamilomo. Inde, madamu, tili bwino, Mulungu akutisunga. Ndi mmene anaphunzitsidwira kuyankha, ndi mmene amayi awo ankayankhira mpaka tsiku lomwalira. Anatembenuza maso. Pakhomo panali a Teryo, chipewa chili m'manja, mutu wokha ukuonekera pamwamba pa makwerero. Kumbuyo kwawo kunali mapewa ofiira aja.

"Sinditha," anatero.

Liwulo linatuluka laling'ono, koma denga silinagwe. Madamu analemba.

"Kusamba nokha?"

"Sinditha. Amandisambitsa mwanayu."

"Kuphika?"

"Ndikamva fungo la mpunga ndimasanza. Mkono uwu mphero sungaizunguze, kaya ndi sabata yabwino. Zitumbuwa zija anapera ndi Jovelyn." Anapuma. "Ine ndinangoyeza shuga."

Jovelyn anaseka ndi kulira nthawi imodzi. Madamu Gellada anavula magalasi.

"Nanga mwezi watha munandiuziranji kuti mumatha zonse?"

"Madamu, tsiku limene ndimatha kufika ku ofesi kwanu ndi tsiku limene ndili bwino. Tsiku ngati lero sindingafike. Inu kwathu simufika. Ndiye mukanandiona liti?"

Mayiyo anayang'ana fomuyo nthawi yaitali, ngati akuiona koyamba. Kenako analemba mizere yambiri kumunsi, mpaka kutembenuza pepala, anasaina, n'kutulutsa chidindo m'thumba la siketi.

"Mankhwala otsatira ndi liti?"

"Pakatha masabata awiri ndi theka," anatero Jovelyn.

"Khadi lidzakhala litatuluka. Ndikalipereka ndekha kwa abwana lero lomwe." Anadinda pepalalo pabondo, phaa. Kenako anagwira dzanja labwino la a Petring. "Mundikhululukire, Nanay. Ndinaona milomo, sindinaone munthu."

"Inali milomo yabwino," anatero a Petring. "Musadziimbe mlandu."

A Teryo anatembenukira kubwalo n'kukweza chipewa m'mwamba. Phokoso limene linabuka pamenepo linatulutsa alembi onse m'mawindo. Gitala inalira, amayi anavina, Paeng anasenzedwa pamapewa ngati ndiye wagwira ntchito yonse. A Petring anagona chagada akumvetsera, mtima uli mbee, wopepuka kuposa tsiku lililonse chichokereni ku opaleshoni. Adzamaliza mankhwala. Anazinena mumtima kawiri kuti azikhulupirire.

Madamu Gellada anali akuvala nsapato pansi pa makwerero pamene mayi wina wokalamba wa ku Dapdapan anakoka malaya a Manong Berting.

"Berting, Lolemba mudzanyamule yathu. Amuna anga chiwafereni ziwalo sanaonedwepo."

"Yathunso," anatero bambo wina. "Mwana wanga uja wa impso."

"Nanga ife tidzatani?" anafunsa mayi wachitatu. "Yathu ndi ya njerwa."

Anthu anaseka, koma Madamu Gellada sanaseke. Anawongoka, nsapato imodzi ili kuphazi.

"Alipo angati kutsidyako?"

Mayina anayamba kutchulidwa uku ndi uku. Mayiyo anawerenga pa zala, zala zinatha, anayambiranso. Kenako anakwera masitepe a ofesi mofulumira, ndipo anthu anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo.

Atadya phala ndi nsomba zouma pamthunzi, amuna analowanso pansi pa nsungwi. Manong Berting anawerenga ndi mawu osasa, nyumba inanyamuka, inatembenuka, n'kuyamba ulendo wobwerera. A Petring anatseka maso. Anadutsa pamsika, anamva amalonda anzawo akuitana dzina lawo, ndipo anakweza dzanja pawindo kuwabayibitsa. Atayandikira mlatho, Jovelyn, amene anakhala pakhomo miyendo ili lende, anawagwedeza phazi.

"Nanay, tadzutsani mutu muone."

A Petring anadzutsa mutu movutikira. Kumbuyo kwa nyumba, pakati pa amayi ndi ana ndi agalu, Madamu Gellada ankabwera wapansi padzuwa, mulu wa mafomu ataukumbatira pachifuwa, nsapato zili m'dzanja, akudumphadumpha pamiyala yotentha. Anafika pa mlatho ndipo sanaime.

A Petring anagwetsanso mutu pamtsamiro, n'kugogoda pansi ndi chala.

"Teryo! Auzeni anthuwo ayende pang'onopang'ono. Madamuwo sanauzolowere msewu wathu."